Telala Amene Sankatha Kuiwala

Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu laibulale ya yunivesite ina yaing'ono muno mu Lusaka, imodzi mwa zija zimene zinatsegulidwa m'nyumba zomwe kale zinali maofesi. Kupatula kudinda mabuku ndi kuthamangitsa odya vitumbuwa kuseri kwa mashelufu, ntchito yanga yeniyeni inali kuphunzitsa ophunzira atsopano kafufuzidwe ka zinthu. Kalasi iliyonse inkabwera kwa ine kamodzi kokha, maola awiri basi. M'maola awiri amenewo, ati munthu amene sanagwirepo kompyuta adziwe kusaka buku, adziwe kusiyanitsa zolemba za akatswiri ndi zopeka za pafoni, ndiponso adziwe kulemba kuti nzeru iyi ndaitenga kwa uje, tsamba lakutilakuti. Malekichala ambiri ankationa ife a mu laibulale ngati alonda a mabuku, ndipo ena ankatumiza kalasi yawo kwa ine kuti iwo apeze mpata wokatsukitsa galimoto.

Ine ndine munthu wapakamwa, sindibisa. Amayi anga ankati ndinabadwa ndikuyankha kale. Ku Matero kumene ndakhala moyo wanga wonse makondakitala a minibasi amandidziwa, ndipo palibe amene amayerekeza kundipitiriza pa siteji yanga. Pakamwa pomwepa ndi pamene pankandithandiza m'kalasi, chifukwa ophunzira ankaseka, sankagona. Ndinkadziona kuti ndine mphunzitsi wabwino, ndipo mwina ndinalidi, koma ndinkanyada nazo mopitirira.

Kalasi imene ndikufuna kunena inali ya Loweruka m'mawa, ya anthu akuluakulu amene pakati pa mlungu amakhala ali kuntchito: anamwino, apolisi, aphunzitsi ofuna kuwonjezera mapepala. Pampando wakutsogolo panakhala bambo wina wa imvi zongoyamba kumene, atavala kachisoti koyera ka Achisilamu, tepi yoyezera zovala ikusuzumira m'thumba la shati. Nkhope yawo ndinkaidziwa. Anali telala wa ku George, komboni yoyandikana ndi kwathu, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la shopu ina m'mbali mwa msewu umene ndimadutsa popita kwa mng'ono wanga. Ankaphunzira zauphunzitsi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti anasiya sukulu ali wamng'ono kuti athandize kulera abale awo, n'kudzalemba mayeso a sekondale ali kale ndi ana awoawo.

Ola loyamba linayenda monga mwa masiku onse. Ndinawaonetsa kuti kompyuta si sing'anga, sungaiuze mavuto ako onse. Wapolisi wina analemba funso lonse la asainimenti m'kabokosi kofufuzira, ndi chala chimodzi, kuphatikizapo mawu oti ibwezedwe pasanafike tsiku lakuti, n'kumadabwa kuti sikutuluka kanthu. Ndinawaphunzitsa kutola mawu awiri kapena atatu ofunika, kusaka nawo, ndipo akapeza chinthu azifunsa kaye kuti walemba ndani, walemba liti, nanga iyeyo wazitenga kuti. Tinayenda m'mashelufu kuti aone mmene manambala a pamsana pa buku amatsatirana. Onse ankalemba, mitu pansi, zolembera zikuthamanga, kupatula ba telala. Iwo manja pamaondo, maso ali pakamwa panga.

Zimenezo zinandinyansa, ndipo ndinalephera kupirira. Ndinawafunsa ngati cholembera anachisokera m'buluku la kasitomala, kalasi yonse n'kuseka. Iwo anangomwetulira, n'kunena kuti akumva bwinobwino, ndipitirize.

Tinafika pa nkhani ya kukopera, imene malekichala amaiopa kuposa kolera. Pamenepa ndinali ndi mawu anga amene ndinkanena chaka ndi chaka, ndipo ndinkawanena m'chinyanja chathu cha m'tauni kuti alowe bwino, pakuti Chingelezi chikafika ola lachiwiri anthu amayamba kuyasamula.

"Imwe anthu, osakopera. Werengani, mukamaliza tsekani buku, pitani mukamwe madzi. Mukabwerako, lembani vamene vatsala m'mutu. Vimenevo ni vanu, palibe azakugwirani."

Mawuwa ankagwira ntchito, chifukwa munthu wamba akatseka buku n'kukamwa madzi, chimene chimatsala m'mutu ndi fungo chabe la zimene wawerenga, ndiye amakakamizika kuzinena m'mawu ake. Pambuyo pake ndinkayenera kuonetsa tizizindikiro tija timene timaikidwa uku ndi uku ukatenga mawu a munthu wina osawasintha. Koma tsiku limenelo magetsi anathima, pulojekita n'kuzima, ndipo m'chipindamo munali kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Ndinangowaonetsa pa bolodi kalembedwe ka mndandanda wa mabuku kumapeto kwa nkhani, n'kuwauza kuti zotsalazo adzazitola m'njira. Ndinawasainitsa papepala losonyeza kuti aphunzira, aliyense n'kubalalika.

Kuyambira pamenepo ba telala anakhala mlendo wanga wa Loweruka lililonse masana, nthawi zina ndi Lachitatu lomwe. Mabuku amene kalasi yawo inkafunikira anali ochepa, choncho tinkawasunga kuseri kwa kauntala, munthu n'kuwerengera momwemo, osatuluka nawo. Anzawo ankajambula masamba ndi foni. Iwo ayi. Ankakhala pakona pafupi ndi zenera, chala chikuyenda pansi pa mzere, milomo ikugwedera, thupi likuweramira kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono. Akatha ankatseka buku, n'kupita pampopi wa panja kukamwa madzi, kenako n'kubwera kudzalibweza ndi manja awiri. Ine mumtima ndinkati, koma bambowa akuvutika, mutu unauma kalekale. Ndinkawamvera chisoni chonyoza chija, chimene timamvera anthu amene tikuganiza kuti tawaposa.

Patapita milungu ingapo, lekichala wa kalasi yawo anatulukira pakauntala panga n'kuponyapo mapepala. Anali wachinyamata, wongobwera kumene kuchokera kumaphunziro akunja, wokonda kuyankhula makiyi a galimoto ali m'manja. Mapepalawo anali asainimenti ya ba telala, ndipo anali ataidutsitsa m'kompyuta imene imafufuza zokopera. Pafupifupi tsamba lililonse linali lofiira. Ndime zathunthu zinali zotengedwa m'mabuku atatu, liwu ndi liwu, popanda kachizindikiro n'kamodzi komwe. Anandifunsa ngati izi ndi zimene timaphunzitsa mu laibulale, n'kundiuza kuti nkhaniyo waipereka kale ku komiti yoona za mwambo, ndipo munthuyo akhoza kuchotsedwa sukulu. Ndinapsa mtima, osati ndi lekichalayo, koma ndi ba telala, chifukwa anandichititsa manyazi pamaso pa kamwana.

Ba telala anabwera Lolemba, kalata ya komiti ili m'kapulasitiki. Sindinawapatse ngakhale moni. Ndinawakhuthulira mawu pamaso pa ophunzira amene anali pamzere. Ndinawafunsa ngati munthu wamkulu, wa imvi, wopemphera kasanu pa tsiku, sachita manyazi kukopera ngati mwana wa giredi faifi. Ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze pano. Ndinalekeza mpweya utandithera.

"Ba madamu, sindinakopere," anatero motsitsa mawu. "Ndinatseka buku."

Ndinaseka, kuseka kwa chipongwe. Koma kutsutsa galu n'kukumba, choncho ndinatenga limodzi la mabuku aja, n'kutsegula tsamba limene chala chinagwera m'chaputala chimene iwo anawerenga, n'kuwerenga mzere woyamba mokweza. Ndinawauza kuti ngati zilidi m'mutu, apitirize tione. Anatsinzina, n'kuyamba. Anatsika nalo tsamba lonselo, chala changa chikutsatira, n'kulowa tsamba linalo. Mawu ena Achingelezi ankawatchula mokhota, moti mwini wake sakanawazindikira, koma onse analipo, m'malo mwake, ngakhale zaka zolembedwa pakati pa ziganizo. Ndinatenga buku lachiwiri. Chimodzimodzi. Ophunzira aja anaiwala zimene anabwerera.

Ndinawalowetsa m'kachipinda kathu kakumbuyo kumene timamatira mabuku ong'ambika, n'kuwapatsa mpando. Anandifotokozera kuti bambo awo anachokera ku Mangochi kalekale kudzakhoma ndowa ndi mbaula mu Lusaka, ndipo ndi amene ankaphunzitsa ana kumadarasa a mzikiti wa kwawo. Ba telala anayamba kukhala pamkeka wa kumadarasako mano aubwana asanaguluke. Kumeneko mwana amabwereza mzere mpaka ukhazikike, ndipo kusuntha liwu limodzi ndi mlandu, chifukwa ukasintha mawu a munthu wophunzira ndiye kuti wamuika bodza m'kamwa. Mutu wawo unazolowera choncho. Chimene awerenga katatu ndi mtima wonse sichichokanso. Ndiye atamva ine ndikunena kuti zotsala m'mutu ndi zawo, anadabwa ndithu, koma anati mwina ndiwo mwambo wa kuyunivesite, nanga iwo ndani kuti atsutse mphunzitsi? Mayina a mabuku onse atatu anawalemba kumapeto monga ndinaonetsera pa bolodi.

Ndinakana. Ndinati sindinanene choncho, mwina anangomva mbali imodzi. Anandiyang'ana mwachisoni, n'kubwereza mawu anga onse a tsiku lija, kuyambira pa "imwe anthu" mpaka pa "palibe azakugwirani", pamodzi ndi kumwa madzi komwe. Sindinayambe ndadanapo ndi mawu anga ngati tsiku limenelo.

Koma chowawa kwenikweni chinali chisanafike. Anandiuza kuti zochotsedwa sukulu akhoza kupirira, pakuti anakhala zaka zambiri opanda sukulu ndipo sanafe. Chimene chinkawadya chinali kalatayo. M'komboni nyumba sizilandira makalata, choncho polembetsa anapereka bokosi la kupositi la mzikiti. Amene amatenga makalata ataona chidindo cha yunivesite, anaipereka kwa bambo a ba telala Lachisanu atatha mapemphero. Madalawo sadziwa Chingelezi, ndipo poganiza kuti ndi uthenga wabwino, anapempha mnansi wina kuti awawerengere pomwepo, anthu akuvala nsapato pakhomo. Mnansiyo anamasulira mokhulupirika. Anati kalatayo ikunena kuti mwana wawo akuimbidwa mlandu wakuba ntchito ya anthu ena.

Kuyambira Lachisanu limenelo bambo awo anali asanawayankhule. Ankakhala nyumba imodzi, koma madalawo ankatembenuza mpando akawaona akulowa. Amayi awiri anali atabwera kale kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, wina n'kuyeza yake ndi mkono pamaso pawo kuti aone ngati yafupika. Telala amadya chifukwa anthu amamusiyira zinthu zawo n'kumapita. Akangomveka kuti ndi wakuba, palibe amene amafunsa kuti anaba chiyani.

Komiti inali yokumana Lachinayi, ndipo ine ndinaitanidwa ngati mboni yoti phunziro lija linaperekedwa. Ndinapita kwa abwana anga, mkulu wa laibulale, n'kuwafotokozera zonse. Anali munthu wabwino koma wamantha. Anandikumbutsa kuti kontirakiti yanga imawonjezedwa chaka ndi chaka, ndiponso kuti malekichala ena akhala akufuna kuti maola athu awiri aja achotsedwe, ati ndi kutaya nthawi. Anati ndikanene kuti ndinaphunzitsa, ndikaonetse pepala losainidwa, basi, zina ndisaziyambe. Ndipo ine, mayi wapakamwa wa ku Matero, ndinavomera. Ndinali ndi ana awiri pasukulu, ndipo ndinadzinamiza kuti ba telala akangolakatula tsamba limodzi, komiti idzawakhululukira yokha popanda ine kudzivula.

Lachitatu ndikuweruka ndinadzera pamsika kugula repu, ndipo mayi amene ndimagulako anandinong'oneza kuti kuntchito kwathu kwagwidwa mbava, telala wina wa ku George. Nkhani inali itakula kale m'njira: ati anaba makompyuta awiri n'kuwabisa m'nsalu. Anandifunsa ngati ndi zoona, popeza ndimagwira komweko. Ndinati sindikudziwa bwinobwino, n'kunyamula repu wanga. Mpaka lero ndikadutsa pa benchi la mayiyo ndimakumbuka yankho limenelo, ndipo limandinyansa.

Lachinayi tinakhala m'chipinda cha misonkhano, patebulo lalitali, a komiti asanu. Wapampando anali mayi wachikulire wa magalasi, wosataya mawu. Ba telala anavala jekete limene anasoka okha, lokhala bwino kuposa masuti onse amene anali m'chipindamo. Atafunsidwa, anati analemba kuchokera m'mutu. Lekichala uja anapukusa mutu n'kuseka. Wapampando anaitanitsa buku, n'kuchita zomwe ndinachita ine, ndipo ba telala analakatula mpaka mayiyo anawaimitsa ndi dzanja. Mtima wanga unati, eya, zatha, tapulumuka tonse.

Koma sizinathe. Lekichala uja, ndimupatse zake, sanali chitsiru. Anati kuloweza ndi luso, koma sikusintha kanthu: mawuwo ndi a eni ake, kaya adutse m'mutu kaya m'foni, ndipo munthuyu analipo pa phunziro la mu laibulale, anasaina, choncho ankalidziwa lamulo ndipo analiswa dala. Anandifunsa ngati ndinaphunzitsa za kukopera. Ndinati inde. Anandifunsa ngati siginecha ili papepalayo ndi ya munthuyu. Ndinati inde. Sindinawonjezere kanthu, maso anga anali pa botolo la madzi limene linali patsogolo panga.

Wapampando anavula magalasi, n'kufunsa ba telala ngati pali munthu amene anawauza kuti akhoza kulemba mawu a ena ngati awo, bola achokere m'mutu. Ndinadikira kuti anditchule, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza zodzitetezera. Iwo sanayang'ane n'komwe kumene ndinakhala.

"Aphunzitsi anaphunzitsa bwino," anatero. "Ndine ndinamva molakwika."

Munthu amene sanamvepo liwu molakwika chibadwire, amene anakula akuuzidwa kuti kusuntha liwu limodzi ndi mlandu, ananama kuti andibise ine. Analolera kubwerera kwawo ndi dzina la wakuba kusiyana ndi kuchititsa manyazi mphunzitsi wawo wa maola awiri, yemwenso anawanyoza pagulu masiku atatu apitawo. Sindikumbuka kuti ndinaimirira bwanji, ndinangozindikira mpando wagwa kumbuyo kwanga.

"Sanamve molakwika," ndinatero. "Ba telala, auzeni vamene ninakamba tsiku lija."

Anapukusa mutu. Ndinawakalipira monga ndimakalipirira makondakitala, kuti anene zonse osasiya kanthu, apo ayi ndinena ndekha ndipo ndizinena moipa. Pamenepo anatsinzina n'kubwereza. Atafika pa kumwa madzi anthu awiri anaseka. Ine sindinaseke. Ndinawonjezera kuti za tizizindikiro sindinaphunzitse n'komwe, magetsi atathima ndinazidumpha, n'kusainitsa anthu ngati ndamaliza.

Ba telala sanachotsedwe. Anauzidwa kuti alembenso asainimentiyo. Titatuluka anandipeza pamasitepe n'kuyamba kundipepesa kuti andiika m'mavuto, ndipo ndinawauza kuti akangopepesanso kamodzi ndidzawaponyera dikishonale. Ine ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo abwana anga anakhala mwezi wathunthu akundiyankha moni monyinyirika. Kontirakiti inadzawonjezedwa, koma nditadikira mpaka mlungu womaliza.

Kulembanso kunali ntchito ina. Kodi munthu ungamuphunzitse bwanji kuiwala? Tinayesa njira zingapo zosathandiza. Ndinawauza kuti aziwerenga kamodzi kokha mothamanga, iwo n'kukana kuti kumeneko ndi kusalemekeza wolemba. Pomaliza ndinati akawerenga ndime, azindifotokozera m'chinyanja monga angafotokozere kasitomala amene wakhala pabenchi kudikira buluku, kenako chinyanja chimenecho azichibweza m'Chingelezi chawochawo. Zinkawapweteka. Ankati akumva ngati akudula nsalu ya mwini popanda kuuzidwa. Chingelezi chawo chinatuluka chotsimphina, koma maganizo anali awo, ndipo ena anali akuthwa, makamaka pamene anatsutsa wolemba wina amene ankanyoza kuphunzitsa ana moloweza. Tizizindikiro tija atatidziwa anatikonda kwambiri, pakuti tinawapatsa njira yonenera mawu a mwini osawasintha komanso osatchedwa mbava, mpaka ndinachita kuwaletsa kuti asadzaze nato tsamba lonse. Lekichala uja anawapatsa malikisi ongokwanira kukhoza, ndipo sindinganene kuti anawapondereza.

Tsiku limene zotsatira zinatuluka ndinaganiza kuti adzabwera akumwetulira. Anabwera ndi pempho. Ankafuna kalata ina, ya chidindo chomwe chija, yonena kuti iwo si wakuba, kuti ikawerengedwe pamalo pamene inawerengedwa yoyamba. Bambo awo anali asanawayankhulebe, ndipo atayesa kufotokoza kudzera mwa akazi awo, madalawo anangoti wakuba aliyense amakhala ndi nkhani yake. Ndinapita ku ofesi yolembetsa ophunzira. Kalaliki wa kumeneko anandiuza kuti makalata amalembedwa poimba munthu mlandu ndi pomuchotsa basi. Wopezeka wosalakwa amangosinthidwa m'kompyuta. Ndinamufunsa ngati kompyutayo idzakwere minibasi kupita ku George. Ndinakwera mpaka kwa wamkulu wake, ndinakalipa, ndinachonderera, koma yankho linali lomwelo: palibe fomu yake.

Choncho Lamlungu lina nditatuluka m'tchalitchi ndinamanga chitenje, n'kuvala duku, n'kuyenda wapansi kupita ku George. Mvula inali itayamba, ndipo tinjira ta m'komboni tinali matope okhaokha, munthu kumalumpha kuchoka pa njerwa kupita pa thumba la mchenga. Ba telala anandichingamira pamsewu n'kunditsogolera. Nyumba yawo inali ya zipinda zitatu, ndipo pakhonde panali madala aja, owonda, a ndevu zoyera, akukhoma chogwirira cha mbaula ndi hamala yaing'ono. Mwana wawo atanena kuti kwabwera mlendo wochokera kusukulu, iwo sanatukule mutu. Anapitiriza kukhoma.

Ndinagwada. Ine amene sindinagwadirepo bwana aliyense, ndinagwada m'mphepete mwa khondelo, maondo m'chinyezi, n'kuwomba m'manja monga anandiphunzitsira amayi anga. Hamala inaima. Madalawo anali ovuta, ndipo khutu limodzi silinkamva. Anandifunsa kuti ndine yani, ntchito yanga ndi yotani kusukuluko, ndiponso ngati zimene ndabwera kudzanena ndinaziona ndi maso anga kapena ndinangomva kwa ena. Ndinati ndinalipo kuyambira pachiyambi, ndipo amene anayambitsa zonse ndine.

"Mwana wanu sanabe kanthu, bambo. Ndinaphunzitsa molakwika ndine. Iye anachita zimene ndinamuuza, ndipo atafunsidwa anafuna kusenza mlandu wanga. Akuluakulu a sukulu amva zonse, ndipo amupeza wosalakwa."

Anati sanamve, ndibwereze. Ndinabwereza mokweza, ndipo ndinaona mitu ya anansi ikusuzumira pamwamba pa mpanda wa malata. Anati ndibwerezenso kachitatu. Magazi anayamba kundiwira, ndimati madalawa akundizunza dala, koma ndinabwereza. Nditamaliza anaika hamala pansi, n'kutsinzina, n'kunena mawu anga onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasuntha liwu. Anandifunsa ngati awagwira bwino. Ndinati inde.

Anandiuza kuti Lachisanu adzawanena pakhomo la mzikiti, pomwe paja, ndipo adzatchula kuti anawamva m'kamwa mwa yani, chifukwa mawu opanda mwini wake palibe amene angawakhulupirire. Koma popeza m'mawumo muli manyazi anga, anafuna kudziwa kaye ngati ndikulola kuti dzina langa limveke. Ndinaganiza za George yense, za Matero, za anthu amene ndimakwera nawo minibasi m'mawa uliwonse. Ndinati alitchule, n'kuwauza dzina langa lonse ndi la bambo anga.

Analibwereza kamodzi. Kenako anatembenuza mutu n'kuyang'ana mwana wawo, amene nthawi yonseyi anali ataima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo.

"Iwe, ndinakulera choncho? Mlendo akugwada m'matope, iwe ukungoyang'ana? Tenga mpando."

Ba telala sanadikire kuuzidwa kawiri. Analowa m'nyumba mothamanga, ndipo panapita nthawi yaitali asanatuluke ndi mpandowo.